Ulusi Wofiira wa Atelala

"Ukamuuze ndiwe, Pulofesa. Si ntchito yako imeneyi, yophunzitsa anthu za mabanja?"

Mlongo wake wamkulu ananena izi akupinda mathalauza a makasitomala amene bambo awo anawasiya osamaliza. Linali tsiku lachinayi chiwaikireni m'manda, ndipo anthu onse anali atabalalika. M'chipinda chosokeramo munatsala awiriwo, tebulo lalitali lodulirapo nsalu, ndi makina akale ovundikiridwa ndi chinsalu.

"Sindine pulofesa, achemwali. Ndimangophunzitsa."

"Chabwino, aphunzitsi. Kiyi wa nyumba ino ali ndi mkazi amene unamusiya wekha zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ine ndikubwerera kwanga mawa, iwe Lolemba. Titseke nyumba kiyi ali m'thumba mwa munthu wapadera?"

Kukoleji, phunziro loyamba la mphunzitsiyo chaka chilichonse linali limodzi: chibale n'chiyani? Ankalemba pabolodi kuti chimabwera ndi magazi, ndi ukwati, kapena ndi kulera mwana mwalamulo. Ophunzira ankakopera osafunsa. Pa njira zitatuzo, mkazi wake wakale panalibe pomuika. N'chifukwa chake pa pepala la mwambo wa maliro, limene analilemba yekha, dzina la mkaziyo silinalipo. Tsiku lonse la maliro mkaziyo anakhala kuseri kwa nyumba akutsuka makapu, ndipo mphunzitsiyo anazungulirako kawiri, n'kubwerera asanafike.

Cha m'ma teni koloko kunamveka kugogoda. Anali mkazi wake wakale uja, atavala yunifolomu ya kusitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito. Anagogoda ngakhale kiyi anali naye.

"Mwadzuka bwanji, alamu?" anapereka moni kwa mlongo uja.

"Tadzuka," anayankha, maso ali pa thalauza.

Mkaziyo anatulutsa kiyi n'kumuika patebulo, pafupi ndi choko cholembera nsalu.

"Ndabweretsa kiyi wanu. Ndinadziwa kuti muvutika poyambira pondifunsa."

Mawu amene mphunzitsi anawakonza m'mawa wonse, oti sikuti akumuthamangitsa koma zinthu zimafuna dongosolo, anasowa ntchito.

"Ndingopempha chimodzi," mkaziyo anatero. "Ndizule masingano awa, angabaye munthu potolera katundu."

Pawindo panali katsamiro kakang'ono kobayapo masingano. Mphunzitsi anali atakaona masiku onsewo osakalabadira. Tsopano anawerenga: masingano asanu ndi awiri, singano iliyonse ili ndi ulusi wake wolowetsa kale, wakuda kumanzere, woyera kumanja.

"Bwanji onse ali ndi ulusi?"

Mkaziyo anamuyang'ana, kenako anayang'ana mlongo uja.

"Bambo anasiya kuona kabowo ka singano zaka zitatu zapitazo."

"Koma pafoni ankati ntchito ikuyenda."

"Inkayendadi. Makina anawasiya, koma mipendero ndi mabatani ankasoka pamanja. Ankati zala zawo zili ndi maso awoawo, chovuta n'kulowetsa ulusi basi. Ndiye ndinkadutsa m'mawa popita kuntchito n'kuwalowetsera masingano khumi. Tsiku lomwe anagwa anali atagwiritsa atatu."

"Osatiuza bwanji?" mlongo uja anafunsa, koma mawu ake anali atatsika.

"Anandiletsa. Ankati mukamva mudzawalanda sizasi n'kuwakhazika pakhonde ngati duwa la m'chitini."

Mlongoyo anafuna kuseka, koma analephera. Anatembenuka n'kutsegula kabati ya nsalu ngati ali ndi chofuna m'menemo.

"Pulofesa, chako ichi."

Mkati mwa chitseko cha kabati munali pepala lomatidwa ndi tepi. Mphunzitsi analizindikira asanalichotse n'komwe. Chaka chimene ukwati wake unatha, bambo ake anamufunsa kuti kodi kukolejiko amaphunzitsa chiyani kwenikweni. Iye anang'amba pepala m'kope n'kuwajambulira banja lawo monga amachitira m'kalasi. Mwamuna ndi kabokosi, mkazi ndi kozungulira. Mzere wopingasa ndi ukwati, mizere yotsika ndi ana. Pamwamba anaika bambo ndi malemu mayi, m'munsi iye ndi mlongo wake. Pa mzere wochoka kwa iye kupita kwa mkazi wake anadulapo timizere tiwiri.

"Nanga timeneti?" bambo ake anafunsa tsiku limenelo.

"Ndiye kuti ukwati unatha."

"Kungokhwatcha kawiri, basi? Ntchito yanu ndi yopepuka, aphunzitsi."

Iye anaseka nawo, n'kuiwala za pepalalo. Ankaganiza kuti bambo analembapo miyezo ya kasitomala kenako n'kulitaya.

Pepalalo linali litachita chikasu. Timizere tiwiri tija tinalipobe, bambo sanatifufute ndipo sanasokepo. Koma kuchokera pa kabokosi kawo, ulusi wofiira unatsika m'mbali mwa mizere ya ana, n'kulambalala kabokosi ka mphunzitsi, kulunjika pa kozungulira ka mkaziyo. Msokowo unali wokhotakhota, pena potalikirana, pena pothithikana. Chakumapeto unaphonya pang'ono, ndipo zinkaoneka kuti wosokayo anabwerera n'kubayanso mpaka singano inalowa pakati penipeni.

Mkaziyo anayandikira. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Wofiirawu ndinawalowetsera ndine, chaka chatha," anatero motsitsa. "Ndinawafunsa kuti ndi wa kasitomala uti, poti wofiira sankaugwiritsa ntchito. Anati pali msoko wina unamasuka kalekale."

Panja panadutsa galimoto, magalasi a windo n'kunjenjemera. Mphunzitsi anafuna kunena za pepala la maliro lija, za makapu, za zaka zitatu zimene ankaimba foni Lamlungu n'kukhutira ndi yankho loti zonse zili bwino. Pamaso pa ophunzira mazana awiri mawu sankamusowa. Apa anangotambasula dzanja n'kukankha kiyi uja ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, kudutsa pakati pa zidutswa za nsalu, mpaka anakagunda dzanja la mkaziyo.

"Musachite izi chifukwa cha manyazi," mkaziyo anatero.

"Manyazi alipo. Koma kiyiyu anakupatsani ndi bambo, osati ine, ndiye sindine woti ndimulandire."

Mlongo uja anapukuta mphuno ndi kansalu kotsala pa thalauza la munthu. Anakoka mpando wa bambo, umene aliyense ankaulambalala masiku anayi onsewo.

"Khalani apa, alamu. Mathalauza awa ife sitikuwadziwa eni ake. Awa a mimba yaikulu ndi a ndani?"

"A ometa tsitsi a pakona. Musawauze kuti mwatero."

Akaziwo anayamba kusanja zovala, wina akutchula mwini, wina akulemba ndi choko. Mphunzitsi anatsala ndi pepala m'manja. Analitembenuza. Kuseri kwake ulusi unathera pa mfundo yomanga kawiri, yolimba ngati kanjere. Umu ndi mmene bambo ankamangira mabatani a malaya awo a kusukulu, kuti mwana akoke mpaka atope yekha.