Nduwira Yofiira ku Ruaka

Fumbani anachoka ku Nairobi dera la Ruaka lidakali minda ya khofi. Pobwerako anapeza nyumba zosanja zitathinana moti dzuwa limachita kupempha njira. Kampingo ka Amalawi kamene anakasiya kakupempherera pabalaza pa munthu kanali katapeza holo pamwamba pa sitolo, masipika ogonthetsa m'khutu, ndi komiti ya zisudzo.

Zaka zonsezo anali ku Nablus, mzinda wa kumpoto kwa Yerusalemu, ku ntchito za madzi. Anthu anali atatopa nazo nkhani zake za Asamariya a paphiri la Gerizimu, kamtundu kosakwana anthu chikwi, kokhala ndi ansembe akeake ndi mabuku asanu a Mose okha, olembedwa m'zilembo zimene Ayuda anazisiya kalekale. Wansembe wina wokalamba kumeneko ankamudyetsa ngati mwana wa m'nyumba. Tsiku lina anamuvulitsa nsapato n'kumuonetsa mpukutu wachikopa umene makolo awo ausunga mibadwomibadwo. Anavomera ngakhale kujambulidwa ataufunyulula pang'ono, ali mu mkanjo wake ndi nduwira yofiira.

Mkuluyo anamwalira chaka chatha. Tsono mwana wake, Itamar, atabwera ku Nairobi ku msonkhano wa osunga mabuku akale, Fumbani anamuitanira ku mapemphero a Lamlungu. Ankafuna mwana wa malemuyo aone kuti mlendo amene bambo ake ankamudyetsa ali ndi anthu kwawo, anthu aulemu.

Anali ataiwala kuti mwezi wapitawo mayi Vailet, mkulu wa zisudzo, anamufunsa kuti, “Achimwene, inu munakhalako kumeneko. Wansembe amavala bwanji?” Iye anawatumizira chithunzi chija pafoni, akusangalala kuti tsopano wina wafunsa. Sanafunse kuti ndi sewero lanji.

“Msamariya weniweni, osati wa m'buku ayi!” analengeza abusa. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Anthu anamukhazika Itamar kutsogolo, pampando wa wofuwofu, Fumbani pambali pake kuti azimasulira.

Sewero linayamba. Achifwamba anamenya munthu wapaulendo, n'kumusiya pansi atamupaka tomato. Kenaka chitseko chinatseguka, n'kulowa Kevin, mnyamata wowerengera ndalama amene amaseketsa anthu ndi pamaliro pomwe. Ndevu za thonje, mkanjo, nduwira yofiira. Pachifuwa anafungatira mpukutu wa pepala la simenti wokulungidwa pa mipini iwiri ya mopu. Ngakhale mutu anaupendeketsa monga mmene mkulu uja anaupendeketsera pachithunzi.

Fumbani anachizindikira chithunzi chake chija.

“Ndithandizeni, abambo!” analira wovulalayo.

“Iwe, usandidetse! Sukuona ndanyamula mawu a Mulungu?” Kevin anadzikupiza nawo mpukutuwo pamphuno, n'kumugogoda nawo munthuyo m'nthiti. “Ngati ukufa, ifa msanga. Ukutseka njira ya akuluakulu.”

Kenaka anauyala pansi n'kupondapo, kuti nsapato zake zisakhudze magazi. Holo yonse inagwa nacho chiseko. “Kevin iwe, ukapsa!” anakuwa mayi wina kumbuyo, akupukuta misozi.

Itamar sankamva Chichewa, koma panalibe chomasulira.

“Ameneyu ndi ndani?” anafunsa chapansipansi.

“Ndi wansembe wa m'fanizo la Yesu. Wa ku Yerusalemu. Si wa kwanu ayi.”

“A ku Yerusalemu savala chonchi.”

Fumbani anayang'ana mawondo ake.

Apo mayi Vailet anatenga maikolofoni. “Lero sitivutika n'kuyerekeza Msamariya wachifundo. Mlendo wathu abwere yekha adzamudzutse mnzathuyu!”

Anthu anaomba m'manja. Itamar anaimirira, n'kuyenda pang'onopang'ono. Wovulala uja anatambasula dzanja, koma iye anamupitirira. Anawerama, n'kutola pepala la simenti lija, n'kulisasa fumbi ndi mkono wa malaya ake. Analikulunga bwinobwino, n'kutuluka nalo. Ena anasekabe, poganiza kuti ndi mmene anapanganirana.

Fumbani anamupeza Itamar pansi pa masitepe, pakati pa anyamata a njinga zamoto za bodaboda, akuitanitsa takisi pafoni.

“Achimwene, ndi sewero chabe. Anthuwa sadziwa.”

Itamar anafunyulula pepalalo pang'ono. Kevin, mwa khama lake, anali atakopera ndi cholembera chakuda mizere iwiri ya zilembo za pachithunzi. Zinali zokhotakhota, koma zowerengeka. Pakati pake panadinda chidendene.

“Apa pali dzina la Mulungu,” anatero Itamar. “Kwathu sitilitchula n'komwe.” Anakulunganso. “Bambo sankakonda kamera. Atagwira mpukutu, anangolola munthu mmodzi kuwajambula. Amayi anawakalipira, iwo n'kuti, ameneyu ndi wa m'nyumba.”

Takisi inafika. Itamar anatsegula chitseko, koma sanalowe.

“Ndikupempheni chinthu chimodzi. Chifufuteni.”

Fumbani anatulutsa foni. Anachipeza chithunzicho, n'kuchifufuta Itamar akuona.

“Chinali chokhachi?”

Pamwamba masipika anali atayamba korasi. M'holo imeneyo chithunzicho chinali m'foni ya mayi Vailet, ya Kevin, ya telala amene anasoka mkanjo, ndi ya aliyense wa m'gulu la zisudzo.

“Chokhachi,” anatero Fumbani.

Itamar anamugwira dzanja, n'kuthokoza.