Basi Imene Inasiya a Manase

Bala ya malata adzimbiri ya pa Mwenilondo inali pafupi kukwanitsa zaka makumi asanu, ndipo Violet, mdzukulu wa mayi amene anaiyambitsa, anafuna kuti mbiri yake ilembedwe pakhoma. Anaitana aphunzitsi a Gregory kuti adzamve kwa akuluakulu.

A Manase anafika m'mawa atavala jekete lawo lopitira ku maliro. Kwa zaka zambiri akhala akuuza aliyense wowagulira botolo kuti malowa anawatsegula ndi iwo.

"Lembani, aphunzitsi. Kale basi inkadutsa kawiri pa sabata, mipando yathabwa, nkhuku ndi matumba a mpunga pamwamba. Pamalo pano sinkaima. Ine ndinauza dalaivala kuti pakhale siteji, bala n'kubadwa."

Aphunzitsi akulemba, a Manase anasuzumira kuti dzina lawo lisalakwike.

Akazi awo, a Fainess, mwana wa mayi woyambitsa bala uja, ankakazinga chinangwa pakhonde. Anapukuta manja n'kulowa.

"Aphunzitsi, basi ija inatitimira m'matope, ndiko kuima kwake. Amayi anatulutsa mtsuko wa mowa n'kumagulitsa kwa apaulendo. Bambowa ankachokera ku Chitipa kupita ku Blantyre kukayamba ntchito ya ukalaliki. Anzawo akukankha basi, iwo anali kuseri kwa nyumba ndi chipanda. Basi itatuluka inapita ndi sutikesi yawo, makalata a ntchito ali momwemo."

"Ndinatsala dala," anatero a Manase.

"Munaithamangira mpaka pa mlatho, nsapato kumanja, mukulira."

"Nanga basi yotsatira?" anafunsa aphunzitsi.

"Inabwera Lachinayi. Inawapeza atagona pansi pa mtengo wa mango."

A Manase anaunguza uku ndi uku kufuna mboni, koma onse amene anaona tsikulo anali kumanda, kupatula mkazi amene anamukwatira yekhayo. Anavula jekete n'kuliika pamwendo.

Patapita sabata khoma linapakidwa utoto. Pamwamba panali dzina la mayi uja, m'munsi mwake n'kulembapo kuti, "Kasitomala woyamba: Manase." Mkuluyo anakwiya, nakamwera ku bala ina kutsidya kwa msewu masiku awiri, koma kumeneko kunalibe amene ankawadziwa. Tsiku lachitatu anabwerera pa benchi lawo, n'kuitana Violet kudzamudandaulira kuti zilembo za dzina lawo zachepa, munthu ali mu minibasi sangaziwerenge.