Mbuzi zobwereka za Bambo Zilibwino

Madzi osefukira atadutsa, m'khola la Bambo Zilibwino munatsala mbuzi imodzi yokha, yokalamba, imene ngakhale madziwo anaikana. Munda nawo unakwiririka ndi mchenga. Dzina limeneli anawapatsa ndi anthu, chifukwa bambowa ngakhale mutawapeza akumira, angakuyankheni kuti, "Zili bwino."

Mkazi wawo ndiye tulo tinamuthawa. Mbewu panalibe, ndipo mbuzi zopitazo ndizo zinkagula feteleza chaka ndi chaka. Mtima unakhalako pansi atamva pa wailesi kuti boma lithandiza alimi ndi oweta ziweto amene zawo zawonongeka, ndi kuti mlangizi ayenda khomo ndi khomo kudzaona yekha.

Tsiku lobwera mlangizi, mayiyo potuluka m'nyumba anangoti kukamwa yasa. Khola lija ladzutsidwa, matope akokoledwa, ndipo m'kati muli mbuzi zonenepa zikulira.

"Bambo a ana, zauka kwa akufa?"

"Ndabwereka kwa alamu. Mlendo wa boma aone khola lopanda kanthu? Adzati ndine munthu wosasamala."

Mayi woweta nkhumba wa nyumba yoyandikana anali akumva zonse ali pampanda. Anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Achimwene, akubwerawo ndi alangizi kapena akudzafunsira mbeta? Iwo amalemba zimene aona ndi maso. Akaona khola lodzaza, adzakuyamikirani, n'kupita. Ine nkhumba zanga zitafa ndinazijambula pa foni, ndinauza a zaziweto, kenako n'kuzikwirira msanga kuopa matenda. Inu munajambula?"

Mkazi wa Zilibwino anati, "Ine ndinajambula, iwo akuti ndikuwachititsa manyazi."

"Sungani zithunzizo, mayi. Ndipo wina akadzati mumupatse kangachepe kuti dzina lanu lilowe, mumuthamangitse ndi tsache. Kulembetsa n'kwaulere."

Asanamalize, njinga yamoto inaima pakhomo. Mlangizi anapereka moni, nasuzumira m'khola.

"Kuno madzi anakuchitirani chifundo, eti bambo?"

Bambowo anakonza kolala ya jekete. "Zili bwi..."

Mkazi wawo sanadikire. Paja amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Anakoka chitseko cha khola, ndipo mbuzi za alamu zinatuluka liwiro la mtondo wadooka, kulunjika kwawo osatsanzika. Inatsala nkhalamba ija, ikubzikula, ikuyang'ana mwini wake.

"Yathu ndi imeneyo," anatero mayiyo. "Zinazo zinali alendo."

Mlangizi anabisa kumwetulira. "Bambo, madzi sasankha waulesi kapena wakhama. Palibe chamanyazi apa. Mundiuze zoona zokhazokha, osachepetsa, osaonjezeranso. Woonjezera akagwidwa amachotsedwa, ndipo amakhala wabera mnzake amene wavutikadi."

Anaona zithunzi zija, anakafika mpaka kumunda n'kupima pamene mchenga unakwirira. Kumeneko Bambo Zilibwino anatola phesi la chimanga lofota, naliyang'ana nthawi yaitali.

"Sizili bwino, alangizi," anatero motsitsa mawu.

Chithandizo sichinabwere mawa lake, koma chinafika nyengo yodzala isanakwane. Sichinabweze zonse zimene madzi anatenga. Chinakwanira mbewu, feteleza ndi timbuzi tathazi tiwiri, timene nkhalamba ija ikutilamulira ngati apongozi.

Tsono inu anzanga olima ndi oweta, tsoka likakugwerani kanenani msanga kwa mlangizi. Jambulani zowonongeka musanakonze kapena kukwirira, nenani zoona, ndipo musalipire munthu aliyense kuti akulembeni. Manyazi kawasungireni tsiku lina. Funsani Bambo Zilibwino, amene masiku ano mukawapatsa moni amayamba ayang'ana kaye m'khola asanayankhe.