Lumbiro la a Takyo

Madzi a m'nyanja anali atayamba kunyambita miyendo ya tebulo pamene anagonekapo bokosi la maliro la a Takyo.

"Amayi, tiyeni tinyamuke," anatero Rodel, mwana wa malemu. "Namondweyu sasiya nyumba ya nsungwi. Anthu onse athawira kwa ansembe."

A Soling anakumbatira bokosi la amuna awo. "Ukufuna bambo ako andizukire? Analumbira ine ndikumva kuti pakhomo paja sadzadutsanso, amoyo kapena akufa."

Lumbirolo mudzi wonse unkalidziwa. Kalekale wansembe wina anakana kupempherera khanda lawo lomwe linamwalira lisanabatizidwe, ndipo a Takyo, kalipentala wouma mutu uja, anachoka osacheukanso.

"Ndiye tiwasiye nyanja iwatenge? Itengenso inu ndi ine?" anafunsa Rodel.

Mayiwo ankawaopa madzi, koma malemu ankawaopa koposa. Mphepo itasasula mbali ya denga m'pamene anadzuka n'kutsatira Rodel ndi anansi amene anasenza bokosi.

Nyumba ya ansembe inali pachitunda, yomangidwa nthawi ya atsamunda Achisipanishi: pansi makoma ochindikala a miyala ya m'nyanja, m'mwamba matabwa akuda ndi mawindo a zigoba za nkhono. Atafika pakhomo, a Soling anagwada m'matope n'kutseka njira.

"Apa pokha ayi. Ndikuopa, ana inu."

Kumbuyo kwawo nyanja inali itameza kale msewu. Bambo Abellana, wansembe wokalamba wa pamenepo, anatuluka mvula ikuwamenya kumaso.

"Mayi, amuna anu ndinkawadziwa. Chaka chilichonse mvula ikayandikira ankabwera ndi makwerero n'kumakonza mawindo athu ali kunja. Khofi ndinkawapatsira pawindo. Nditawafunsa chifukwa chake anati, 'Sindikonzera inu. Muno amathawiramo ana a anthu.'"

A Soling anayang'ana bokosi nthawi yaitali. "Ine ankandiuza kuti akukaonera ndewu ya atambala."

Wansembeyo anakwera m'mwamba n'kukankha windo lalikulu loyang'ana pabwalo. Linatsetsereka mofewa, osalira n'komwe. Kenako anatsitsa chingwe kuti bokosi lilowere pawindo, osati pakhomo.

Rodel anayamba kukulunga bokosi ndi chingwe, koma mfundo zake zinkangomasuka. Mayi ake anadzuka m'matope muja n'kumulanda chingwecho.

"Choka apa. Bambo ako sankafuna mfundo zaulesi."