Batani Lobiriwira la Achemwali

Pakampani ina yonyamula maphukusi aliyense ankamutchula Mawaya, chifukwa ukakumana naye sunkalephera kuona waya akulendewera m'thumba mwake kapena atakolowekedwa pakhosi. Ndiye yekha amene ankasamala makompyuta onse, kuyambira ya pageti mpaka ya Bwana. Ofesi yake inali kachipinda kopanda zenera kuseri kwa masitepe, momwe fani ankangotembenuza mpweya wotentha womwewo.

Mmawa wina Bwana anamuitanitsa. Anali atangobwera kumene ku msonkhano wa eni makampani, ndipo antchito ankadziwa kuti Bwana akapita ku msonkhano amabwerako ndi matenda atsopano.

"Khala pansi, Mawaya. Anzathu onse ali ndi atumiki a AI. Foni ikalira, mtumikiyo amayankha yekha, amafufuza pamene phukusi lafika, amaitana dalaivala, amapepesa kasitomala. Sadwala, sapita ku maliro, sapempha tchuthi. Ife tikudikira chiyani?"

"Bwana, zimenezo zimafuna nsanja yomangirapo, pulogalamu yaikulu yoyendetsa mtumikiyo, ndiye..."

"Zaulere zilipo. Akuti zotseguka, aliyense akhoza kutenga, kuona za m'kati n'kusintha mmene akufunira. Ndanama?"

"Simunaname, Bwana."

"Ndiye sankha imodzi, umange. Za m'kati ndi zako. Ine ndikufuna kuona chinthu chikugwira ntchito."

Potuluka, Mawaya anadutsa pachipinda cha mafoni. Kuseri kwa galasi kunali amayi anayi, aliyense atavala zomvera m'makutu. Pakona ya kuzenera panakhala achemwali ake, akuseka ndi kasitomala wina pafoni kwinaku dzanja likulemba. Achemwaliwa ndiwo anamulera mayi awo atamwalira iye akadali wamamina. Anasiya sukulu kuti iye aphunzire, ndipo ndiwo anam'gwadira Bwana kuti amulembe ntchito. Kunyumba kwawo kunali ana atatu ndi amuna awo, alamu ake a Mawaya, amene anafa ziwalo mbali imodzi moti ankachita kuwatembenuza pabedi. Atamuona, achemwali anam'kodola ndi chibwano, iye n'kungokweza dzanja.

Anadzitsekera m'kachipinda kake n'kuyamba kuyesa nsanja zija. Yoyamba inali yokongola patsamba lake, koma eni ake anaitaya kalekale. Anthu ankangolemba madandaulo popanda woyankha, ngati akugogoda panyumba yosamuka. Yachiwiri inali chilombo. Anangoilumikiza ku foni yoyesera, iyo n'kuyankha, kupeza phukusi, kutumiza uthenga kwa dalaivala, zonse yokha, iye asanameze n'komwe malovu. Anaitseka msangamsanga ngati waona njoka. Yachitatu inali yochedwerapo, ndipo inali ndi khalidwe limodzi limene linam'gwira mtima: isanachite kanthu kalikonse, inkaima n'kufunsa munthu. Pagalasi la kompyuta pankatuluka mabatani awiri, lobiriwira lovomereza ndi lofiira lokana.

Mawaya anapuma mozama. Pamenepo panali mpando wa munthu mmodzi.

Kwa Bwana anapita ndi nkhope ya munthu wodziwa zinthu. "Yachiwiriyi ndi yothamanga, koma ikalakwitsa palibe woigwira dzanja. Ikhoza kutumiza galimoto yonse kolakwika, inu n'kudzamva makasitomala akutukwana. Yachitatuyi imafuna munthu wodziwa ntchito akhale pambali pake."

"Munthu mmodzi?"

"Mmodzi, Bwana. Koma wodziwa."

Bwana anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira pang'ono. "Chabwino. Manga."

Kuti mtumikiyo adziwe kuyankhula ndi makasitomala, pankafunika kumuphunzitsa. Achemwali ndiwo ankabwera m'kachipinda muja nthawi ya nkhomaliro, n'kukhala pakatoni ya mapepala, akufotokoza: wokwiya umamusiya atulutse kaye zonse, wokalamba sum'thamangitsa, wofunsa phukusi la mankhwala umamuika patsogolo. Mawaya ankalemba, maso ali pakompyuta, osafuna kuwayang'ana.

Tsiku lina achemwali anasiya kufotokoza n'kunena chapansipansi, "Iwe, ukuona ngati sindikudziwa chimene tikuumba pano?"

"Achemwali, inu simuchoka. Ndasankha yofuna munthu."

"Nanga anzangawo?"

Mawaya anangopitiriza kulemba.

"Hm. Chaona mnzako chapita," anatero achemwali, n'kudzuka, kusasa fumbi kusiketi. Sanamalize mwambiwo, ndipo sipanafunike.

Mtumiki atayamba ntchito, amayi atatu aja anauzidwa kuti asabwerenso. Mmodzi wa iwo, amene ankakonda kum'bweretsera Mawaya tiyi m'fulasiki, anakumana naye pamalo okwerera basi. Mawaya anamulonjera. Mayiyo anangomuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kutembenukira kumsewu. Basi itafika, Mawaya anaisiya ipite, anadikira ina.

Chipinda cha mafoni chinakhala chete ngati m'chipatala. Mafoni sankaliranso, mtumiki ankawalandira m'kati mwa makina. Achemwali anavula zomvera zija n'kuziika m'dilowa. Ntchito yawo tsopano inali kuwerenga zimene mtumiki akufuna kuchita n'kudina batani. Munthu amene kale ankaweruka mawu atasasa chifukwa choyankhula, tsopano ankatha tsiku lonse osatsegula pakamwa. Mawaya akalowa kudzaona ngati zonse zili bwino, ankawapeza atagwira tsaya, chala chimodzi chokha chikugwira ntchito.

"Zikuyenda, Achemwali?"

"Zikuyenda. Mwana wakoyu ndi waulemu, salakwitsa. Ndimachita kulakalaka atalakwitsa kuti ndidineko lofiira, ndione ngati limagwira."

Anaseka okha. Mawaya sanaseke nawo. Iye ankayembekeza kuti mtumikiyo aziphonya kawirikawiri, kuti aliyense aone kufunika kwa munthu. Koma anam'manga bwino, ndipo achemwali anam'phunzitsa bwino koposa.

Miyezi ingapo itapita, Bwana anayamba chizolowezi choima pagalasi paja manja ali kumbuyo. Ankaima, kuyang'ana chala cha achemwali, n'kuchoka. Kenako anamuitanitsa Mawaya.

"Ndaona. Lobiriwira, lobiriwira, lobiriwira. Ndipo mayiwa akapita kuchimbudzi, makasitomala amadikira. Chotsa kufunsako, chizichita chokha."

"Bwana, nsanja imeneyi inapangidwa choncho. Sizingatheke."

"Mawaya, usandione kukalamba. Si paja ndi yotseguka? Si paja aliyense akhoza kusintha? Ndafunsa kale anthu, akuti ndi ntchito yosatha ngakhale kapu ya tiyi. Ndinadziwa chifukwa chake unasankha imeneyi, ndipo ndinakulekerera, poti magazi ndi magazi. Koma kampani si nyumba ya ana amasiye. Ukakanika, ndipeza wina achite, ndipo wobwerayo ndiye adzakhale pampando wakowo."

Mawaya anabwerera kukachipinda kake. Anatsegula m'kati mwa nsanja muja. Sanachite kufufuza, malowo ankawadziwa kuyambira tsiku loyamba, ankangowalambalala ngati manda. Unali mzere umodzi, wofunsa ngati mtumiki azidikira munthu. Kutsogolo kwake kunali liwu limodzi lovomera. Ankangofunika kulifufuta n'kulemba lokana.

Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Anaganiza zowononga dala mtumikiyo kuti ayambe kusokoneza, koma anadziwa kuti wobwera pambuyo pake adzaona zala zake. Anaganiza zosiya ntchito, koma kusiya kwake sikukanasunga mpando wa achemwali. Njira iliyonse imene ankaiyesa m'mutu inkakathera pakhoma lomwelo.

Chitseko chinatseguka. Anali achemwali, chikwama chili paphewa.

"Bwana andiuza," anatero. "Wachita?"

"Sindichita."

"Ndiye tonse tikakhale pakhomo, tizikayang'anana? Alamu ako mankhwala awo azichokera kuti? Ana aja adya ulemu wakowo?"

"Achemwali, inu munandilera. Ndiye dzanja langa lomweli..."

"Ndinakulera kuti udzakhale munthu, osati chitsiru. Denga likamagwa, mmodzi amayenera kutsala panja kuti afukule anzake. Ndionetse, pali pati?"

Anawalozera mzere uja. Achemwali anawerama, kutsinzina diso limodzi poti magalasi anali m'chikwama.

"Kameneka? Kakang'onong'onoka?" Anapukusa mutu. "Ine ndimayesa ndi chinthu chachikulu. Dina, mwana wa mayi anga. Ndili pompano."

Anaika dzanja paphewa pake, lolemera, lofunda. Mawaya anafufuta liwu lija, kulemba linalo, n'kusunga. Palibe chimene chinalira. Fani anapitiriza kuzungulira. Pagalasi la kompyuta, maphukusi anayamba kuyenda okha, mzere pambuyo pa mzere, mofulumira kuposa kale.

Mawaya anawanyamulira achemwali katoni ya zinthu zawo mpaka pamsewu: kapu, khushoni ya pampando, chithunzi cha ana. Mlonda wa pageti anayang'ana kumbali. Sabata yotsatira m'chipinda cha mafoni munaunjikidwa matayala akale a magalimoto.

Achemwali anayendayenda m'maofesi, koma kulikonse ankawauza kuti za mafoni masiku ano zili ndi makina, ndipo zaka zawo zapita. Potsiriza anayala mabeseni ndi ndowa zapulasitiki m'mbali mwa msewu, pafupi ndi pamene amakonzera njinga zamoto. Mawaya ankawathandiza mwezi ndi mwezi, koma malipiro amodzi pa nyumba ziwiri ali ngati bulangete lalifupi: ukafunda kumutu, mapazi ali pamtunda. Mwana wamkulu wa achemwali anasiya sukulu kuti azikhala ndi bambo ake masana.

Loweruka lina Mawaya anapita kukawaona pamsewu paja. Anawapeza atada ndi dzuwa, milomo itang'ambika, akuitanira anthu amene ankangodutsa osacheuka. Anavundikira ndowa n'kum'patsa kuti akhalepo.

"Kuntchito kuli bwanji?"

"Bwana akufuna mtumiki wina. Wa ku ofesi yogawa maulendo a madalaivala."

"Kuja kuli bambo aja a ana amapasa?"

"Eya. Ndi anzawo awiri."

"Uyamba liti?"

"Lolemba."

 Achemwali anatola kansalu n'kuyamba kupukuta beseni limene linali loyera kale. Mayi wina anaima, kunyamula ndowa, kuigogoda pansi pake, kufunsa mtengo, n'kuibweza pamalo pake osatsazika.

Kumwamba kunada mwadzidzidzi, mphepo n'kuyamba kugubuduza mabeseni ang'onoang'ono kulowera kumsewu. Achemwali anathamangira kwina, Mawaya kwina, akutola pakati pa magalimoto oliza mahutala. Limodzi linapondedwa ndi lole n'kuphwanyika. Mvula itayamba, anakokera katundu yense pansi pa khonde la sitolo yotseka, n'kuima pamenepo phewa ndi phewa, atanyowa, akuyang'ana madzi akudzaza ngalande.

"Ikakata upite," anatero achemwali. "Usachedwe, mabasi amavuta kukagwa mvula."

Mvulayo sinakate msanga.