Phazi Lotupa Pakagwa Maliro

Bambo Laws a kwathu ku Chinsapo anabinya phazi atagwera m'ngalande, pamene ankakonzekera mpikisano wothamanga tsiku lathunthu m'mapiri. Kuchipatala anawauza kuti apume kaye. Anapumadi, koma ankachita kusankha zoti apume.

M'mawa uliwonse tinkawaona akuliyatsa liwiro kulowera ku Likuni, atavala kabudula wothina ngati wobwereka kwa mwana, kachikwama ka madzi kali kumsana. Koma masamba akangoikidwa pamsewu kuti kwagwa zovuta, phazi lija linkatupa nthawi yomweyo. Kukagona pasiwa sankatha chifukwa cha phazi. Kunyamula bokosi, phazi lomwelo. Kuperekeza maliro kumanda, akuti adokotala analetseratu.

Loweruka lina tikuchokera koika gogo woyandikana nawo nyumba, tinakumana nawo pamlatho, thukuta lili kamukamu. Atangotiona anayamba kutsimphina, koma chifukwa cha phuma anatsimphinira mwendo wabwinobwinowo.

Mayi Tione, omwe amatsogolera azimayi ophika pamaliro, anaima n'kumangitsa chitenje chawo.

"Pepanitu abambo, phazi lija likuvutabe?"

"Kwambiri, amayi. Panopa ndikungolizoloweza pang'onopang'ono, poti mpikisano wayandikira."

"Ayi ndithu, limbikirani," anatero Mayi Tione. "Muzolowere mtunda wautali ndi katundu kumsana. Tsiku lanu likadzafika, tonse kuno mapazi adzatitupa. Kumanda mudzathamangirako nokha, bokosi lanu mutabereka."