Madontho a M'chingwe cha Mchombo

Pamaliro a amayi awo ku Tengani, zaka khumi ndi zinayi zapitazo, Geresomo analonjeza mchemwali wake Esinala kuti adzabwera ndi mankhwala a maso, ndipo sadzachoka mpaka ataona msozi woyamba. Tsiku limenelo amayi onse m'siwa analira, koma Esinala ankangobuula maso ali gwa. Adokotala anali atamuuza kuti thupi lake likudziukira lokha n'kuumitsa misozi ndi malovu omwe. Mudzi unali ndi dzina lina la munthu wosagwetsa msozi pamaliro.

Zaka zonsezo zitatha, Geresomo, akuchokera kunja, anatsika pa kabaza masana, dzuwa likuswa mtengo, atakumbatira kabokosi ka ayezi. Mibawa imene anaisiya inali itathera m'matumba a makala. Anampeza Esinala pakhonde, maso ofiira ngati othiridwa tsabola, akuphethira movutika. Pambali pake panali Mai Dyna, mkulu wa amayi ophika pamaliro, amene anabwera kudzaona zochokera kunja.

"Bwana afika," anatero Esinala. "Tinkayesa njira unaiiwala."

"Achemwali, ndabwera nawo. Ndawapeza ku chipatala chimene ndimagwirako ntchito. Akadali pa kafukufuku, koma ena awathandiza. Mukapitiriza chonchi mudzatuluka zilonda m'maso, mudzachita khungu."

Mai Dyna anasuzumira timabotolo ta m'kabokosimo. "Timadzi timeneti ndi tochokera ku mtengo wanji, achimwene?"

Geresomo, amene anazolowera kufotokozera anthu omvetsera, anakweza mawu. "Si mtengo, mayi. Mwana akabadwa, amatenga chingwe cha mchombo, n'kuchotsamo maselo aang'ono otha kukonza thupi. Amawalera, ndipo timadzi take ndi timeneti."



"Mchombo wa mwana wa ndani?" anafunsa Mai Dyna.

"Sindikudziwa. Amayi amapereka okha."

"Kuno mchombo timakwirira mobisa, ngakhale bambo wake sadziwa malo," anatero Mai Dyna akukwapira chitenje. "Kani kwanuko mumauika m'botolo? Ndiye aEsinala athire m'maso kuti azilira ndi misozi ya mwana wa eni?"

Geresomo anakalipa. "Umbuli basi! Zaka zonsezi simunasinthe, kungotha mitengo!"

"Ife mbuli ndife tinakumba manda a amayi anu," anayankha Mai Dyna, nalunjika kumjigo kumene amayi anali pamzere ndi zigubu.

Esinala anaimirira. "Iwe Geresomo, pakamwa pakopo sipatsekeka? Zaka zonsezi akunditcha mfiti popanda umboni. Lero wawabweretsera m'bokosi."

"Ndi maso anu, achemwali! Mufuna khungu chifukwa cha miseche ya pamjigo?"

"Nkhabe, sindithira! Iwe uli ndi ndege. Mwana akadzamwalira m'mudzi muno, miyala idzagwa padenga la yani? Wakhungu amamutsogolera ndi ndodo. Mfiti amaiotchera m'nyumba."

Esinala anamulanda kabokosiko. Geresomo anagwira chogwirira, nalimbana ngati ana, mpaka anaona kuti mfundo za zala za mchemwali wake n'zotupa, nasiya. Esinala anayenda mopapasa mpanda mpaka pamsewu, pamene amayi a pamjigo ankamuona bwino. Anatsegula timabotolo kamodzikamodzi n'kukhuthulira m'fumbi. Nthaka inamwa nthawi yomweyo.

"Mwaona nonse?" anakuwa. "Sindinathireko!"

Amayiwo anapitiriza kupopa madzi.

Geresomo anagona masiku awiri osalankhulana ndi mchemwali wake. Lachinayi m'mawa anakwera kabaza wa ku Bangula, Esinala asanagwetse msozi.